Shelbourne: timu imene idatsala pang'ono kufa ili ndi chikho m'manja

Loweruka lililonse m'mamawa, ligi ya ku England ikakhala ili mkati, Terminal 1 ya pa bwalo la ndege la Dublin imafiira ndi majezi. Ndi eni dziko omwewa, abambo ndi ana awo, magulu a anyamata, agogo ena atakulunga masikafu m'khosi, onse akudikira ndege za ku Liverpool ndi Manchester. Ulendo wake sukwana ola limodzi. Ambiri satenga n'chikwama chomwe chifukwa usiku womwewo akhala atabwerako. Matenda amene tili nawo kwathu, oti timu ya pamtima ikhale ya ku England, kuno ku Ireland nakonso aliko. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timakapanikizana m'kanyumba ka vidiyo ku Ndirande kapena ku Kawale, pamene iwowa amakwera Ryanair.

Komatu pali jezi ina yofiira imene kwawo n'komwe kuno. Mukatuluka pa bwalo la ndegelo n'kukwera basi nambala 16 kapena 41 yolowera m'tauni, mudutsa Santry ndi Whitehall, kenako mufika ku Drumcondra. Musanaoloke mlatho wa pa mtsinje wa Tolka, kumanzere kuli msewu wa Richmond Road, ndipo mukayenda pang'ono muona magetsi akuluakulu atatulukira pamwamba pa madenga a nyumba za anthu. Pamenepo ndiye pa Tolka Park, pakhomo pa Shelbourne FC, imene eni ake amangoti Shels. Kuchokera ku bwalo la ndege sipakwana makilomita 10. Kumene osewera ake amachitira zokonzekera, ku AUL Complex ku Clonshaugh, ndiye kufupi zedi, moti ndege zimawadutsa pamutu.

Timuyi yatenga ligi ya dziko la Ireland ka 14 ndipo chikho cha FAI ka 7. Pa ligi, yoiposa ndi Shamrock Rovers yokha, ndipo Dundalk ndiyo ikufanana nayo. Koma mbiri yake ili ndi chinthu chimene matimu ochepa ali nacho. Mu Novembala 2006 idatenga ligi, ndipo patangotha miyezi itatu idatsitsidwa kupita ku ligi yaing'ono isanamenye n'komwe masewero ena. Idagwa ndi ngongole. Amene mudatsatira zimene zidaonekera Bullets dzina la Bakili litachoka, nkhani iyi muizindikira msanga.

Ya ku doko, yopanda pokhala

Shelbourne idayamba mu 1895 ku Ringsend, dera la anthu ogwira ntchito pa doko kummwera kwa mtsinje wa Liffey, ndipo dzina idatengera msewu wa Shelbourne Road wa chakomweko. Apa n'kuti patangotha zaka zinayi dziko lathu litalowa m'manja mwa Angerezi, omwenso ankalamulira chilumba chonse cha Ireland. Mpira wa pachilumbapa unkayendetsedwa kuchokera ku Belfast ndi bungwe la IFA, ndipo matimu amphamvu onse, monga Linfield, Glentoran ndi Belfast Celtic, adali a komweko. Shelbourne idalowa mu ligi yawoyo mu 1904. Patangotha zaka ziwiri idachapa Belfast Celtic 2-0 mu ndime yotsiriza ya Irish Cup, n'kukhala timu yoyamba ya ku Dublin kutenga chikhocho. Idachitenganso mu 1911 ndi mu 1920.

Kusewera mpira wamiyendo ku Dublin masiku amenewo sikudali kophweka. Anthu ambiri ofuna ufulu ankauona ngati masewero a atsamunda. Bungwe la GAA, limene limayendetsa masewero a makolo awo, lidali ndi lamulo loletsa mamembala ake kusewera kapena kungoonera kumene mpira wamiyendo, ndipo lamuloli lidakhalapo mpaka 1971. Lidali losaona nkhope: mu 1938 lidachotsa ulemu wa bungwelo kwa pulezidenti wa dziko, Douglas Hyde, chifukwa adakaonera masewero a Ireland ndi Poland. Mpaka lero mukauza munthu wa kumidzi kuno kuti mumakonda football, akhoza kuganiza kuti mukunena mpira wawo wogwira ndi manja uja. Wathuwu amati soccer. Ndipo mukaima pa Tolka Park, imene imalowa anthu pafupifupi 6,000, chapafupi pomwepo pali Croke Park ya GAA, yolowa anthu 82,300. Pamenepo pokha mwaona kale amene ali mwini mudzi.

Mu 1921, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, Shelbourne idapita ku Belfast kukakumana ndi Glenavon mu ndime ya matimu anayi a Irish Cup, ndipo adalepherana. Mwa chizolowezi, masewero achibwereza amayenera kukachitikira ku Dublin. A IFA adati ku Dublin kulibe mtendere, Shelbourne ibwererenso ku Belfast. Shelbourne idakana, ndipo idachotsedwa mu mpikisanowo. Matimu a ku Dublin, amene adali atatopa kale ndi kukondera kwa a ku Belfast, adatuluka n'kukhazikitsa bungwe lawo, limene lero ndi FAI, pamodzi ndi ligi yawo. N'chifukwa chake mpaka pano chilumba chimodzi chili ndi mabungwe awiri a mpira, maligi awiri ndi matimu a dziko awiri, pamene pa rugby timu ndi imodzi. Mkangano udalipo kale, koma amene adayatsa moto ndi masewero a Shelbourne amenewa. Muisunge nkhani ya Belfast imeneyi, tikumana nayonso.

Mu ligi yatsopanoyo Shelbourne idatenga ukatswiri mu 1926, 1929, 1931, 1944 ndi 1947. Nthawiyi inkasewera pa Shelbourne Park, bwalo limene lero kumachitikira mipikisano ya agalu othamanga. Idachokapo mu 1949 ndi maganizo omanga bwalo lakelake ku Irishtown. Bwalolo silidatheke bwino, idangoseweramo chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo kwa zaka pafupifupi 40 idakhala yochita lendi, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Ngakhale zidali choncho idatengabe ligi mu 1953 ndi mu 1962. Timu ya m'ma 1960, imene mphunzitsi Gerry Doyle adaiumba ndi anyamata achichepere, idakumanapo ndi Sporting Lisbon, Barcelona ndi Atlético Madrid m'mipikisano ya ku Ulaya. Mmodzi mwa anyamatawo, Tony Dunne, adagulidwa ndi Manchester United mu 1960 ndipo adali mu timu imene idatenga European Cup mu 1968. Itadutsa 1962, ligi sidabwerenso kwa zaka 30.

Ollie Byrne ndi chaka cha 2004

Zinthu zidatembenuka mu 1989 pamene timuyi idapeza lizi ya Tolka Park n'kusamukira kumpoto kwa mzinda. Munthu amene dzina lake silisiyana ndi zaka zimenezi ndi Ollie Byrne. Pa pepala adali mlembi, kenako mkulu woyendetsa timu, koma kunena zoona iyeyo ndiye adali timuyo. Kwathu timawadziwa anthu otere: amene amagona ndi kudzuka ndi timu, okangana ndi oyimbira, okangana ndi bungwe, othamangira ku khoti, okongola ndalama kwa mnzawo Lachinayi kuti osewera alandire Lachisanu. Masapota a matimu ena ankamuda, ake ankamufera. Byrne ankakhulupirira kuti timu ya ku Ireland ikhoza kulowa mu ndime ya m'magulu ya Champions League, ndipo kuti ndalama za kumeneko zidzabweza zonse zimene zalowa.

Zikho zidayamba kubwera. Ligi mu 1992, chikho cha FAI mu 1993, 1996 ndi 1997, kenako zonse ziwiri pamodzi mu 2000 pansi pa mphunzitsi Dermot Keely. Mu 1998 adadzidzimutsa anthu pamene adatsogola 3-0 pokumana ndi Rangers ya ku Scotland mu UEFA Cup, pa masewero amene adasamutsidwira ku England poopa ziwawa. Adathera pogonja 5-3, koma masapota akale amaikambabe ngati adapambana. Ligi ya 2002 ndiyo ili ndi kachilema: pabwalo idatsogola ndi St Patrick's Athletic, koma idalandidwa mapointi 15 chifukwa cha zolakwika pa kalembera wa wosewera wa ku Uganda, Charles Mbabazi Livingstone, ndipo chikho chidapita ku Tolka Park. A St Pat's mpaka lero savomereza. Za mapointi a pa tebulo si kwathu kokha.

Pofika 2004, mphunzitsi ali Pat Fenlon, osewera onse adali a ntchito yokhazikika, osati ogwira kwina masana n'kumabwera ku mpira madzulo monga zidalili m'matimu ambiri. Padali Jason Byrne womwetsa zigoli, Owen Heary kumbuyo, ndi kamnyamata kakafupi kotchedwa Wes Hoolahan, kamene pambuyo pake kadakatchuka ku Norwich City. Chaka chomwecho kudabwera Joseph Ndo, amene adasewerera Cameroon pa World Cup ya 1998. Ndo adakhala mmodzi mwa osewera okondedwa kwambiri m'mbiri ya ligi ya kuno, ndipo mu 2006 osewera anzake adamusankha kukhala katswiri wa chaka.

M'ndime zachipulula za Champions League ya 2004, Shelbourne idatulutsa KR Reykjavík ya ku Iceland. Kenako idakagonja 3-2 kwa Hajduk Split ku Croatia, koma pakhomo idabweza 2-0, Dave Rogers atamenya mpira wa m'malere umene mpaka lero amauonetsabe pa kanema. Palibe timu ya ku Ireland imene idafikapo pa ndime yachitatu m'mbuyomo. Amene adaima pakhomo lolowera m'magulu adali Deportivo La Coruña ya ku Spain, yomwe miyezi yochepa m'mbuyomo idali itachapa AC Milan 4-0 n'kufika mu ndime ya matimu anayi. Masewero oyamba adachitikira pa Lansdowne Road pamaso pa anthu oposa 20,000, ndipo adathera 0-0. Ku Spain adapita kokapuma zilinso 0-0. M'chigawo chachiwiri Deportivo idamwetsa zitatu. Loto la Byrne lidatsala mphindi 45 zokha kuti litheke, ndipo mwina ndicho chidamupweteketsa, chifukwa adaona kuti n'zotheka.

Tsopano kumbukirani kumene Maule adali chaka chomwecho. Mu 2004 Bakili Bullets, ndi thumba la Bakili Muluzi kumbuyo kwake komanso Kinnah Phiri pa benchi, idatulutsa Orlando Pirates n'kulowa mu ndime ya m'magulu ya CAF Champions League, kumene idakumana ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Matimu awiri ovala zofiira, wina ku Blantyre wina ku Dublin, adakwera chaka chimodzi kufika pamene anzawo a m'dziko mwawo adali asanafikepo. Onse awiri adakwera ndi ndalama zimene sizinkachokera pa geti. Bullets idadalira munthu mmodzi. Thandizo litatha idatengabe ligi ya 2005, koma kenako idakhala mpaka 2014 osaionanso. Shelbourne idadalira chinthu china choopsa kuposa apa: nthaka ya pansi pa bwalo lake.

Mmene timu imadyera bwalo lake

Masamu ake ndi osavuta. Pa masewero wamba a ligi, ngakhale timu ili pamwamba, ku Tolka Park kunkabwera anthu ochepa, nthawi zambiri mipando yambiri ili gwa. Anthu 20,000 aja a pa Lansdowne Road adabwerera Deportivo, ndipo Lachisanu lotsatira adali pa kanema kudikira ligi ya ku England. Mphotho ya ligi idali yochepa. Koma malipiro a osewera adali a timu ya ku Ulaya, ndipo itatha 2004 adagulanso osewera ena odula. Mpata wa pakati pa zolowa ndi zotuluka unkayenera kutsekedwa ndi china chake.

Zaka zimenezo chuma cha Ireland chinkathamanga, ndipo mitengo ya malo ku Dublin idapenga. Bwalo la mpira lokhala pakati pa nyumba ku Drumcondra lidasanduka golide kwa amalonda omanga nyumba zosanja. Shelbourne idagwirizana nawo zogulitsa Tolka Park, n'kuyamba kutapa ndalama za malondawo isanasamuke n'komwe. Ndalama zimene zikadamanga bwalo latsopano zidapita ku malipiro a sabata ndi sabata. Zili ngati munthu wogulitsa munda kuti agule ufa: chaka chimenecho pakhomo padyedwa bwino ndithu.

Mu 2005 ligi idapita ku Cork City. Mu 2006 bungwe lotolera msonkho lidapita ku khoti kangapo kupempha kuti timuyi itsekedwe chifukwa cha misonkho yosalipidwa. Osewera ankakhala masabata osalandira. Chodabwitsa n'chakuti adapitiriza kupambana, mpaka adatenga ligi pa tsiku lomaliza, atafanana mapointi ndi Derry City koma iwo ali ndi zigoli zabwino. Chikho chitangoperekedwa, Fenlon adatula pansi udindo ndipo osewera pafupifupi onse adabalalika. Mu Febuluwale 2007 FAI idakana kupereka laisensi ya ligi yaikulu, n'kuitsitsira ku First Division. Malo ake mu Champions League adapita kwa Derry City. Ollie Byrne, amene apa n'kuti akudwala, adamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho. Dermot Keely adabwerera kudzatolera osewera m'masiku ochepa kuti timu ingopezeka pabwalo.

Tisaiweruze yokha, chifukwa matendawa adagwira ligi yonse. Drogheda United idatenga ligi mu 2007, chaka chotsatira ili m'manja mwa khoti. Derry City idachotsedwa mu ligi yaikulu mu 2009. Kampani ya Cork City idatsekedwa mu 2010, masapota n'kuyambitsanso timuyo okha. Chitsanzo chomvetsa chisoni kwambiri chili pamphuno penipeni pa bwalo la ndege: Sporting Fingal, imene idakhazikitsidwa mu 2007 ndi thandizo la khonsolo ya Fingal komanso wamalonda womanga nyumba, inkasewera pa Morton Stadium ku Santry. Idatenga chikho cha FAI mu 2009, idasewerako ku Ulaya, koma pofika Febuluwale 2011 idali itatha, ndipo siidzukanso. Idalibe anthu akale oilirira. M'nyengo yomweyi FAI idaika lamulo loti timu isaononge ndalama zoposa 65 peresenti ya zimene imapeza pa malipiro a osewera. Tikamamva a FAM akulimbana ndi matimu pa nkhani ya malaisensi, ena timangoti ndi zovutitsa. Kuno adaphunzira ataika maliro.

Chimene chidapulumutsa Tolka Park, modabwitsa, ndi kugwa kwa chuma kwa mu 2008. Omanga nyumba aja adagwa nawo, ndipo mathirakitala sadabwere. Shelbourne idatsala ikusewera pa bwalo limene silidalinso lake, madenga akudontha, mbali zina zitatsekedwa chifukwa zidali zoopsa. Idakwera mu 2011, idatsika mu 2013, idakhala pansi mpaka 2019, idatsikanso mu 2020. M'zaka zimenezi padali masiku amene oonera ankangokwana mazana ochepa. Anthu amenewo, ogulitsa matikiti mongodzipereka, openta mipando, osonkha ndalama za basi, ndiwo adasunga dzinali. M'nyengo yomweyi timu ya amayi ndiyo inkapukuta misozi: idatenga ligi mu 2016, 2021 ndi 2022, ndipo Katie McCabe, kaputeni wa timu ya dziko, adadzera pomwepa popita ku Arsenal.

Mu 2016 khonsolo ya mzinda wa Dublin idatenga Tolka Park. Cholinga chidali choti igulitse malowo, imangenso Dalymount Park ku Phibsborough, ndipo Shelbourne ikakhale kumeneko pamodzi ndi Bohemians, adani ake a kumpoto kwa mzinda. Akuluakulu a timu adavomera poti adalibe pogwira. Masapota ndi anthu okhala m'deralo adakana. Adayambitsa gulu la Save Tolka Park, adayenda khomo ndi khomo, adakakamira makhansala, mpaka maganizo adasintha. Mu 2024 khonsolo idavomereza kupatsa Shelbourne lizi ya zaka 250. Kwa ine, pa zonse zimene timuyi yapambana m'zaka za posachedwa, chachikulu ndi pepala limeneli. Bullets ndi Wanderers, matimu a anthu miyandamiyanda, akhala zaka zoposa 50 akusewera pa Kamuzu Stadium ya boma, ndipo mabwalo amene adalonjezedwa mu 2019 adasanduka nkhani ya pa msonkhano wa ndale. Timu yopanda bwalo ilibe chokakongolera ku banki, ilibe pogulitsira ngakhale chakumwa, ndipo ndalama za pa geti zimayamba zadyedwa ndi ena isanaziwone.

Duff, Derry ndi Belfast

Dzina limene a kwathu ambiri angalidziwe pa nkhani yonseyi ndi la Damien Duff, uja ankathamanga kuphiko ku Chelsea ya José Mourinho pamodzi ndi Arjen Robben, n'kutenga ligi ya ku England mu 2005 ndi 2006. Adasewerera Ireland ka 100. Mu Novembala 2021 adavomera kukhala mphunzitsi wa Shelbourne, itangokwera kumene kuchokera ku ligi yaing'ono, ili ndi thumba lochepa poyerekeza ndi matimu apamwamba. Munthu woti akadatha kumangokhala pa kanema n'kumalandira zake adasankha kumazizidwa ku Clonshaugh. Adali waukali, wosabisa mawu, wokangana ndi FAI poyera, ndipo pena ankaonjeza. Koma atolankhani amene kale sankayang'anako ku ligi ya kuno adayamba kubwera, ndipo mipando ya ku Tolka Park idayamba kudzaza.

Chaka choyamba adafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha FAI, Derry City n'kuwakwapula 4-0. Mu 2023 adathera pa nambala 4 n'kupeza malo ku Ulaya. Chaka chomwecho Acun Ilıcalı, wamalonda wa ku Turkey yemwenso ndi mwini wa Hull City, adagula masheya ambiri a timuyi, koma sipadathe miyezi isanu ndi umodzi asanawabweze. Duff adatsala. Mu 2024 Shelbourne idakhala pamwamba pa ligi pafupifupi chaka chonse, ngakhale kuti mpira wake sudali wokoma m'maso. M'masewero 36 idamwetsa zigoli 40 zokha, koma idalola 27. Chakumapeto miyendo idayamba kulemera, ndipo Shamrock Rovers, imene idali itatenga ligi kanayi motsatizana, idafika m'khosi.

Zonse zidathera pa 1 Novembala 2024. Shelbourne idali koyenda ku Derry, pa bwalo la Brandywell, pamene Rovers idali pakhomo ikutsogola pokumana ndi Waterford. Zikadatha choncho chikho chikadapita ku Rovers. Patatsala mphindi zisanu, Sean Boyd adamenya firikiki, goloboyi adaulavula, ndipo Harry Wood adaukankhira mu ukonde. Shelbourne idathera pa mapointi 63, Rovers 61. Padali patatha zaka 18 kuchokera pa chikho chija chidabwera ndi ngongole.

Duff adachoka mwadzidzidzi mu Juni 2025, timu isakuyenda bwino, patangotsala masabata ochepa kuti Champions League iyambe. Wachiwiri wake, Joey O'Brien, yemwe adasewerapo ku Bolton ndi West Ham, ndiye adatenga udindo. Ndipo maere adagwera Linfield ya ku Belfast, timu yaikulu ya ligi ija Shelbourne idaituluka mu 1921. Shelbourne idapambana 1-0 pakhomo ndi chigoli cha Mipo Odubeko, mnyamata wobadwira ku Dublin kwa makolo a ku Nigeria, n'kukalepherana 1-1 ku Belfast. Idagonja kwa Qarabağ ya ku Azerbaijan, kenako kwa Rijeka ya ku Croatia mu Europa League. Koma malamulo a UEFA a masiku ano amapatsa akatswiri a ligi mwayi wotsikira mu mpikisano wapansi m'malo mongopita kwawo. Pa khomo lomaliza lolowera mu Conference League idakumananso ndi Linfield, ndipo idaichapa 5-1 pa masewero awiri. Kwa nthawi yoyamba m'zaka 130, Shelbourne idalowa mu ndime yaikulu ya mpikisano wa ku Ulaya.

Kungolowa kokha mu ndime imeneyi UEFA imapereka mayuro 3.17 miliyoni, ndalama imene mphotho ya ligi ya kuno siiyandikira n'komwe. Ndi ndalama yomwe ija Ollie Byrne adaithamangitsa mpaka kugulitsa bwalo. Kusiyana kwake n'kwakuti mu 2004 makomo adali awiri, ndipo pa la Champions League padaima Deportivo, pamene lero makomo ndi atatu. Apa ndi pamene matimu athu a ku Africa ali pa mavuto ena. Ulendo wa CAF m'ndime zoyambirira wakhala ukudya ndalama za timu m'malo mobweretsa, ndipo amene amakumbukira ulendo wa Bullets wa ku Sudan mu 2015 akudziwa ngongole zimene udasiya. Ngozi ya Shelbourne tsopano ndi yodziwika: kuyamba kulipira osewera ngati kuti ndalama za ku Ulaya zizibwera chaka chilichonse.

Kwa makolo amene ana anu akumenya mpira m'matimu a m'madera monga Swords, Balbriggan kapena Blanchardstown, pali chifukwa china choidziwira ligi imeneyi. Kale mwana waluso ankakwera ndege ya ku England ali ndi zaka 16, ndipo ambiri ankabwerako opanda mpira, opandanso sukulu. Chichokereni Britain mu European Union, matimu a ku England saloledwa kutenga mwana wa kuno asanakwane zaka 18. Choncho njira tsopano imadzera m'maakademi a matimu ngati Shelbourne, Bohemians, St Pat's ndi Shamrock Rovers. Gavin Bazunu adadzera ku Rovers, Evan Ferguson ku Bohemians, ndipo Chiedozie Ogbene, wobadwira ku Lagos, adayambira ku Cork City asanakhale munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewerera timu yaikulu ya Ireland. Mphunzitsi wa akademi akadzakuimbirani foni za mwana wanu, ndi bwino mudzakhale mukudziwa kuti timuyo ndi yotani ndipo ndalama zake zimachokera kuti.

Ligi ya kuno imayamba mu Febuluwale n'kutha mu Novembala, ndipo masewero ambiri amachitika Lachisanu madzulo, nthawi ya 7:45. Tikiti ya munthu wamkulu ndi pafupifupi mayuro 20, koma masiku ano muyenera kugula pa intaneti nthawi ikadalipo, makamaka kukamabwera Bohemians, Rovers kapena St Pat's, chifukwa amatha. Valani zotentha ngakhale mu Meyi. Mphepo ya mumtsinje wa Tolka siseka ndi munthu. Musayembekezere zonyezimira za pa DStv. Bwaloli ndi lokalamba, ndipo UEFA siililola kuchititsa masewero a ndime yaikulu. Monga momwe Bullets imasiyira Kamuzu Stadium n'kukalandirira alendo a CAF pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, Shelbourne nayo, maere ataipatsa Crystal Palace ngati mmodzi mwa alendo ake mu Conference League, masewero ake a pakhomo adaikidwa ku Tallaght, tsidya lina la mzinda, pa bwalo limene amasewerera Shamrock Rovers.